Ndakatulo ndi utoto wa katondo: pomwe tafika ndi ana

Kagulu kathu ka ana asukulu kolemba ndakatulo ndi kujambula Lachisanu masana kakupitirirabe, ngakhale kutentha kwa Okutobala kwatithamangitsa m'kalasi ya malata n'kukatikhazika pansi pa mtengo wa mango. Obwera kwambiri ndi a Sitandade 3 ndi 4. Awa ndi amene ndikuwafunadi, chifukwa akangokwera m'makalasi apamwamba Chingerezi chimalanda malo, ndipo mtima wonse umapita ku mayeso a Sitandade 8.

Pachiyambi ndakatulo zawo zinkafanana ngati ana a mimba imodzi. Mutu ndi "Sukulu ndi yabwino" kapena "Tisamale mitengo", ndime iliyonse n'kuthera pa langizo. Sindikuwadzudzula, ndi zomwe amamva pa asembule ndi pa wailesi. Ndiye mwezi watha ndinaika lamulo limodzi lokha: mawu oti "tiyeni" ndi "tisamale" asaoneke papepala. Aliyense alembe chomwe waona ndi maso ake pakati pa khomo la kwawo ndi sukulu.

Kunali kudandaula. "Aphunzitsi, nanga imeneyo ikhala ndakatulo?" Ena anangoluma pensulo mpaka nthawi yoweruka. Koma Lachisanu lapitali zinthu zayamba kutuluka. Mtsikana wina walemba za mayi ake akuthirira nazale ya fodya kudimba kusanache, kheni m'manja, chitenje chitanyowa mpaka m'mawondo. Mizere isanu ndi umodzi basi, ndipo palibe pomwe akutiuza kuti fodya ndi wabwino kapena woipa.

Imene yandigwira mtima ndi ya mnyamata amene agogo ake amakhala kufupi ndi malire a paki. Chifikireni njovu 263 zija zomwe anazisamutsa ku Liwonde kudzazitula mu Kasungu National Park mu 2022, ana a mbali imeneyo njovu saidziwira pa chithunzi cha m'buku. Iye walemba za usiku woimba zigubu ndi kuyatsa moto m'mphepete mwa munda, ndi m'mawa wake agogo akuyenda pakati pa mapesi othyoka. Kalembedwe ka mawu n'kokhotakhota, koma sindinakonze kalikonse tsiku limenelo. Cholembera chofiira chikafulumira, mwana sabweretsanso ina.

Ku zojambula, penti wa m'sitolo tilibe, tikupanga tokha. Katondo wosefa bwino akutipatsa mtundu wofiira, makala opera wakuda, phulusa woyererako. Tikasakaniza ndi kaphala kopyapyala ka ufa wa chinangwa, utoto ukugwira papepala osayoyoka ukauma. Wobiriwira ndiye wavuta. Madzi a nkhwani wosinja amaoneka bwino lero, pakapita masiku n'kuzilala, moti mitengo yonse ya m'zithunzi zathu yasanduka ya m'chilimwe. Burashi ndi kamtengo kotafuna kunsonga, ndipo nthenga za nkhuku zikuthandiza pa mizere yopyapyala. Mapepala ndi matumba a simenti ndi makatoni opempha ku magolosale a pa trading.

Anyamata angapo anapempha kuti aumbe nkhope za gule. Ndawakaniza. Kuno Gule Wamkulu ali ndi eni ake, si chinthu choti ine ndichibweretse pansi pa mango popanda akuluakulu kudziwa. M'malo mwake aumba ng'ombe ndi ngolo, zina zang'aluka chifukwa anaziyanika padzuwa m'malo mwa pamthunzi.

Chotsatira ndi kulumikiza ziwirizi, mwana aliyense ajambule chithunzi cha ndakatulo yake, tizipachike pa chingwe tsiku lotsekera teremu mu Disembala makolo adzaone. Mvula ikayamba matumba a simenti aja sachedwa kufewa, ndiye ndikukambirana ndi ahedi kuti atipatse kona youma mu ofesi yawo yosungira.