Johannesburg ndi Sydney: mtunda umodzi, maola osiyana

Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Sydney, ku Australia, pandege ndi makilomita pafupifupi 11,000. Kuloweza nambala imeneyi sikuvuta. Chomwe chandidyera nthawi sabata ino pa jogalafe ndi funso lakuti, poyeza mtundawo amadzera kuti?

Mzinda wa Johannesburg uli pa madigiri 26 kum'mwera kwa equator, wa Sydney pa madigiri 34. Ukaika rula pamapu apakhoma, mzere umangolunjika kum'mawa, kudutsa nyanja ya India. Koma tatengani mpira wa dziko lapansi uja umakhala m'laibulale, mupanikize ulusi ndi chala pa Johannesburg, muukoke mpaka ukungike pa Sydney. Ulusiwo umatsetserekera wokha kum'mwera, kulambalala zilumba zozizira za Kerguelen, kufika cha m'ma madigiri 50, kenako n'kukweranso. Mukaukankhira kumtunda kuti utsate mzere wa rula uja, umaperewera. Njira ya ulusiyi ndiyo yachidule kuposa zonse, ndipo m'mabuku amaitcha great circle.

Masamu ake andikomera chifukwa safuna kompyuta. Kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000. Tikagawa ndi madigiri 360, digiri imodzi ikutenga makilomita 111. Mizinda iwiriyi yatalikirana madigiri 99 potsata ulusi uja, ndiye 99 kuchulukitsa ndi 111, tafika pafupi ndi 11,000 paja.

Mapu apakhomawo sindikuwanena kuti ndi abodza. Gerardus Mercator anawajambula mu 1569 poganizira amalinyero, kuti munthu akalemba mzere woongoka azingotsata kampasi osakhota. Ntchito imeneyo amaigwira bwino. Kungoti amatamula malo akutali ndi equator, n'chifukwa chake Greenland amaoneka ngati akulingana ndi Africa, chikhalirecho Africa ndi wamkulu kuwirikiza ka 14. Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti mwana amakula akuona mapu amenewa okha, mpira uja ali wotsekeredwa m'kabati.

Tsono nkhani ya maola. Ndege za kampani ya Qantas zimayenda pakati pa mizinda iwiriyi osatera panjira. Yochoka ku Johannesburg imatenga maola pafupifupi 12, pomwe yochoka ku Sydney imatenga pafupifupi 14. Chasiyanitsa ndi mphepo. M'mwamba momwe ndege zimauluka muli mphepo yamphamvu yotchedwa jet stream, yomwe imaomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Wopita ku Australia imamukankha kumsana, wobwerako amalimbana nayo chamaso.

Pachifukwa chimenechi oyendetsa ndege satsata ulusi ndendende. Ulendo uliwonse amayamba aona kaye momwe mphepo ilili tsikulo, ndipo amalolera kuonjezera makilomita bola mafuta apulumuke. Yolowera ku Johannesburg nthawi zina imatsika kum'mwera kwambiri pothawa mphepoyo, mpaka okwera amaona madzi oundana a ku Antarctica pawindo.

Mafunso a m'buku lathu amangoti gawani mtunda ndi liwiro kuti mupeze nthawi. Pamayeso ndiyankha momwemo, malikisi ndikuwafuna. Koma funso lotero limayesa kuti kumwamba kuli bata, ndipo limapereka yankho limodzi pa ulendo wopita ndi wobwerera, pomwe pa tikiti pali kusiyana kwa maola awiri.