Kuchoka ku Salima kupita ku Mbeya pa njinga yamoto: chenicheni choyenera kuopa

Munthu akangonena kuti akufuna kupita ku Tanzania pa njinga yamoto, abale amayamba kumuopseza za akuba, achifwamba ndi Chiswahili chimene sachidziwa. Mantha amenewo ndi omveka, koma zimene zimagwetsa anthu pa msewu umenewu ndi zina: tulo, mdima, mabuleki otentha ndi thiraki imene dalaivala wake sanakuoneni. Zonsezi mungazikonzekere musanachoke pa Kamuzu Road ku Salima.

Yambani ndi kuwerenga maola a dzuwa. Kuchoka ku Salima kudzera msewu wa M5, Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay, Mzuzu, Karonga mpaka pa chipata cha Songwe ndi makilomita oposa 600. Njinga ya 125 kapena 150cc yosenza katundu, mukaphatikiza maenje, marodibuloko ndi kupuma, imayenda makilomita 45 kapena 50 pa ola. Choncho ulendowu ndi wa masiku atatu: tsiku loyamba mugone ku Mzuzu, lachiwiri ku Karonga, lachitatu muoloke m'mawa n'kukafika ku Mbeya dzuwa likadalipo. Amene amaupanikiza m'masiku awiri ndi amene mdima umawapeza pa phiri la Chiweta, pakati pa Mzuzu ndi Karonga. Nyali ya njinga zazing'onozi imaonetsa pafupi, pomwe m'mbali mwa M5 madzulo mumadzaza anthu ochokera kunyanja, njinga zakapalasa zopanda nyali ndi mbuzi. Ikamakwana 5 koloko muzikhala mutafika pogona. Masana muziima pakatha ola limodzi ndi theka, mutsike, mumwe madzi. Kutentha kwa m'mbali mwa nyanja m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumabweretsa tulo munthu ali pachishalo.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Mphepo ya mwera imakankha njinga chammbali pamalo oyera, koma imeneyo mumangochepetsa liwiro. Nthawi ya mvula ndiyo yosayenera, chifukwa mitsinje ngati Bua, Dwangwa ndi Dwambazi ikasefukira msewu umatha kuduka. Pa milatho yopapatiza musalimbirane ndi galimoto, ilekeni idutse. Chakufupi ndi Dwangwa samalani mathirakitala a nzimbe komanso nzimbe zogwera pa tala, zimaterera.

Pa Chiweta m'pamene tikufuna kutsindika kwambiri. Msewu wa M1 umatsika phiri mokhotakhota mpaka kunyanja, ndipo mumakumana ndi mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi mathiraki a malasha amene pa kona amadya mbali yanu. Njinga zambiri za kabaza zili ndi mabuleki a dramu. Mukawaponda osalekeza, dramu imatentha, nsapato za buleki zimasiya kugwira, mwendo umafika pansi njinga ikuthamangabe. Tsikani ndi giya 2 kapena 3 kuti injini izigwira njinga, buleki muziigwira pang'ono n'kuisiya. Chizolowezi chozimitsa injini potsetsereka pofuna kupulumutsa petulo chisiyeni kunyumba. Mukamva fungo lopserera, imani mphindi 15 zizizire.

Njingayo ikonzedwe patatsala sabata kuti munyamuke, kenako muyende nayo makilomita 100 muli ndi katundu yense, kuti cholakwika chionekere kuno. Oyilo akhale watsopano, 20W-50, pafupifupi lita imodzi. Tcheni chizisewera masentimita 2 mpaka 3 pakati. Chikathina chimadya sipuroketi ndi mabeyaringi, chikakhwepa chimavuka pa bampu n'kumanga teyala la kumbuyo. Muzichithira mafuta madzulo aliwonse. Sipuroketi ya mano osongoka isinthidwe pamodzi ndi tchenicho. Teyala losalala kapena long'aluka m'mbali lisapite nawo, ndipo masipoko okhwepa amangidwe. M'chikwama mukhale chubu cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, zigamba ndi guluu, pampu, zitsulo ziwiri zochotsera teyala, pulagi, kebulo ya kilachi, loko ya tcheni, babu, mafyuzi ndi masipanala 10, 12, 14 ndi 17. Katundu wolemera akhale pansi komanso kufupi ndi msana wanu. Akalendewera kumbuyo, teyala la kutsogolo limapepuka ndipo njinga imayamba kugwedezeka.

Thanki ya malita 11 imakufikitsani makilomita pafupifupi 350, koma musadikire kuti ifike pa rizevu. Ikatsika theka, thirani pa filing'i yoyamba imene ili ndi mafuta. Petulo wa m'zigubu nthawi zina amasakanizidwa ndi parafini kapena madzi, ndipo injini imayamba kutsamwa pa chitunda pamene mukufuna mphamvu.

Helimeti ikhale yophimba chibwano, ya galasi loyera, lamba wake womanga. Zipewa zopepuka zija zogula pamsika zimasweka ngati chikho. Valani jekete yolimba, magolovesi, nsapato zophimba akakolo ndi vesiti yonyezimira. M'thumba la jekete muike pepala la dzina lanu, gulu la magazi anu ndi nambala ya wachibale.

Za mapepala: pasipoti, laisensi ya khodi A1 ngati njinga siposa 125cc kapena A ngati ikuposa, blue book ya dzina lanu, kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti njingayo si yobedwa, ndi chilolezo cha MRA choitulutsira kunja kwakanthawi. Ngati blue book ili m'dzina la wina, tengani kalata yake yokulolezani. Inshuwalansi ya kuno imathera pa Songwe, ndiye gulani COMESA Yellow Card imene imagwira ntchito ku Tanzania ndi ku Zambia. Dziwani kuti kwenikweni imalipira munthu amene mwamuvulaza, ndipo pa chipatala chanu imangothandiza pang'ono, choncho sungani ndalama ina padera, pamalo osiyana ndi ya mafuta. Mapepala onse ajambuleni pa foni.

Nanga za chitetezo cha dziko limene mukupita? Funsani za chigawo chenicheni chimene mudutse. Ku Mozambique, mwachitsanzo, nkhondo ya zigawenga yakhala ili ku Cabo Delgado kuyambira 2017, kutali ndi Tete. Odziwa za msewu wa lero ndi madalaivala a mathiraki amene angobwera kumene. Nthawi ya zisankho kapena zionetsero, m'dziko lililonse, ulendo uyambe wadikira.

Mukaoloka pa Kasumulu, mbali ya Tanzania ya chipata cha Songwe, wotchi ipite patsogolo ndi ola limodzi. Amayenda kumanzere ngati kuno, koma m'matauni liwiro ndi 50 ndipo apolisi amayeza ndi makina. Msewu umakwera kudutsa minda ya tiyi ya ku Tukuyu, komwe chifunga ndi mvula zimabwera mosayembekezeka, choncho juzi ndi chovala cha mvula zikhale pamwamba pa katundu. Mbeya ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndipo njinga ya kabureta imafooka. Si kuti yawonongeka, koma musayese kupitirira thiraki pa chitunda. Pogona sankhani malo a mpanda olola kulowetsa njinga mkati, muimange ndi tcheni ndi loko, ndipo m'mawa muyang'ane oyilo, mpweya wa matayala ndi manati a ekiselo injini isanalizidwe.