A Office NS a ku Zomba

Lachinayi, Area 25

Uthenga wa a Prof unandipeza ndikutsuka mbale: "Mayi, journal ija yakana koma tisataye mtima. Titumize ku inayo tinakambirana ija. Konzani marefarensi, kumeneko amafuna Vancouver. Mawa ndione." Apo ndinadziwiratu kuti ofu yanga yathera pomwepa.

Pepala lathu ndi la amayi oyembekezera amene amachedwa kuyamba sikelo. Kumene tinatumiza koyamba ankafuna APA, kalembedwe ka marefarensi (mabuku ndi mapepala amene watengamo mfundo) ka bungwe la American Psychological Association, kope lachisanu ndi chiwiri limene linatuluka mu 2019. Mu APA, pakati pa chiganizo umalemba dzina la wolemba ndi chaka, ndipo mndandanda wa kumapeto umatsata alifabeti. Vancouver ndi nkhani ina. Mayina amachoka m'ziganizo, m'malo mwake mumalowa manambala, ndipo manambalawo amayenda motsatira amene wayamba kutchulidwa. Ukayamba ndi Zimba, iyeyo ndiye 1, a Banda adikire. Ukamutchulanso pa tsamba lomaliza akadali 1. Choncho wina akangosuntha ndime imodzi n'kuipititsa pamwamba, ndipo a Prof amakonda zimenezi, manambala onse ayenera kusamuka nawo. Kalembedweka anakakhazikitsa ndi akonzi a ma journal a zachipatala amene anakumana ku Vancouver, m'dziko la Canada, mu 1978, gulu limene lero limadziwika kuti ICMJE. N'chifukwa chake ife a zaumoyo sitingakathawe.

Magetsi kunalibe chiyambire m'mawa, laputopu nayo batire lake ndi la mtima wochepa. Ndinakwera minibasi kupita kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi unamwino, amakhala ku Area 18 ndipo ali ndi sola. Atandiona ndi chikwama anaseka. "Amwali, mwabwera kudzacheza kapena kudzatchaja?" Ndinati zonse ziwiri, koma kutchaja kuyambe.

Ndimagwiritsa ntchito Zotero, pulogalamu yosunga ndi kusanja marefarensi, chifukwa ndi yaulere. Inzake ya EndNote amagula, ndipo ndalama yake ine ndilibe. Kusintha kuchoka ku APA kupita ku Vancouver mu Word kunali kungodina kawiri katatu, manambala n'kudzifola okha. Madzi a tiyi anali asanawire n'komwe. Chimene chinadya tsiku ndi kuwerenga mndandanda uja mzere ndi mzere, ngati kusankha miyala mu mpunga.

Pa nambala 4 ndinapeza wolemba wotchedwa Office NS. Ndinayang'anitsitsa, ndikudzifunsa kuti bambo ameneyu ndinamuwerenga liti. Kenako ndinaona mutu wake: Malawi Demographic and Health Survey 2015-16, lipoti limene National Statistical Office ya ku Zomba inatulutsa pamodzi ndi kampani ya ku America ya ICF mu 2017. Pulogalamu ija inatenga dzina la ofesi ngati la munthu, "Office" n'kukhala dzina la bambo, "National Statistical" n'kufupikitsidwa kukhala NS. Chapansi pake panali mnzawo, Organization WH, amene ndi World Health Organization. Zimachitika kwambiri ukakoka refarensi ku Google Scholar, tsamba losakira mapepala a kafukufuku, osaiyang'ana. Mankhwala ake ndi ochepa: pambali pa dzina la wolemba mu Zotero pali kabatani kosandutsa mabokosi awiri a dzina kukhala limodzi. Ukatero dzina la bungwe limatuluka lathunthu.

Enanso anali atatembenuzidwa mitu pansi. Wolemba wina wa kuno dzina lake loyamba linali litakhala la bambo, chifukwa amene analowetsa mu kompyuta kunjako sangasiyanitse Kondwani ndi Mwale. Izi makina sangakuuze. Ungazigwire iwe amene unakulira pakati pa mayinawa.

Zotsala zinali tizinthu totopetsa maso. Dzina la bambo, kenako zilembo zoyamba za mayina enawo popanda mpumiro pakati, monga Phiri AB. Olemba akapitirira asanu ndi mmodzi umalemba oyambawo n'kuika et al., kutanthauza "ndi ena", pamene APA imalola mpaka 20, ndiye mndandanda unafupika ndithu poti mapepala a zaumoyo amakhala ndi khamu la olemba. Mayina a ma journal amafupikitsidwa motsatira NLM Catalog, mndandanda wa laibulale ya zachipatala ya ku America, osati mmene iwe waganizira: Malawi Medical Journal imakhala Malawi Med J, Bulletin of the World Health Organization imakhala Bull World Health Organ. Masamba 284 mpaka 287 amalembedwa 284-7. Chimodzi chimene ndinakondwera nacho n'choti ma Phiri osiyanasiyana amene mu APA ankafuna zilembo zowasiyanitsa pakati pa chiganizo, tsopano aliyense ali ndi nambala yake, mkangano watha.

Titadya nsima ya usipa ndinafika pa gulu lovuta. Pepala la mu journal yakunja silichedwetsa: umatenga DOI yake, nambala yozindikiritsa pepalalo imene imayamba ndi 10, n'kuiika mu Zotero, ndipo mutu, olemba, chaka ndi masamba zimabwera zokha. Zolemba zathu zambiri za kuno zilibe DOI. Malipoti a m'maofesi, malangizo a kuchipatala, ma thesis a anzathu, zonsezi umalemba ndi manja. Lipoti lina limene ndili nalo linandipeza pa WhatsApp, pachikuto palibe chaka, palibe kumene linasindikizidwa. Ukalipeza pa intaneti, Vancouver imafunanso tsiku limene unaliona ndi adiresi yake, koma adiresi ina imene ndinasunga chaka chatha lero sikutsegukanso.

Mnzanga uja, ataona ndikukanda m'mutu, anati, "Bwanji osangozichotsa zimenezo? Ikani za ku Kenya kapena ku Ghana, zili ndi DOI, mukagone msanga." Sankanena mwanthabwala, ambiri amaterodi, ndipo mkonzi sangadziwe kuti pali chimene chachotsedwa. Ine ndinakana. Mayi wa ku Kabudula amene amabisa mimba mpaka itaonekera, poopa kuti anthu oipa mtima angaichite chipongwe, nkhani yake inalembedwa ndi namwino mnzathu mu thesis imene ili pa shelefu. Ndikaichotsa chifukwa choti n'njovuta kuilemba pa mndandanda, pepala lonena za amayi athu likhala litatsamira pa amayi a kwina, ndipo amene anayenda m'midzi kukafunsa sadzatchulidwa paliponse. Chaka cha lipoti lija ndinachipeza m'mawu oyamba, pansi pa saini ya mkulu wa ofesiyo. La adiresi yakufa lija ndinalipeza pa tsamba lina la bungwe lomwelo.

Ndinanyamuka dzuwa litapendeka, minibasi zitayamba kale kudzaza ndi oweruka. Kunyumba magetsi anali atayaka, ndiye ndinaonanso kuti nambala iliyonse m'ziganizo ikuloza buku loyenera, makamaka pamene pali timagulu ngati 7-9 ndi 12,15. Yatsala nambala 23 yokha. Kope la thesis limene ndili nalo linayambira pa tsamba 3, choncho sindikudziwa mutu wake wonse ndi chaka chimene inaperekedwa. Mawa ndikaweruka ku wodi ndidutsira ku laibulale ya sukulu ya anamwino kukaona chikuto chake.