Kugoneka sensa ya I2C ndi runtime PM mu Linux

Ndikamaika runtime PM (njira ya kernel yogonekera chipangizo chimene sichikugwiritsidwa ntchito, makina onse ali chiyakire) mu driver ya sensa ya I2C (njira ya mawaya awiri imene machipu amalankhulirana), ndimayamba ndi ntchito ziwiri za mu dev_pm_ops, mndandanda wa ntchito za driver zoyendetsa magetsi. Ya runtime_suspend imagoneka chipu n'kuzimitsa regulator, kachipangizo kopatsa chipucho magetsi. Ya runtime_resume imayatsa regulator, kudikira nthawi imene datasheet yanena, kenako n'kulembanso ma register (timalo ta m'chipu tosunga makonzedwe ake), poti magetsi akazima chipu chimaiwala zonse.

Mu probe, ntchito imene kernel imaitana polumikiza driver ndi chipangizo, chipu chimakhala choyaka kale, choncho ndimaitana pm_runtime_set_active() kaye, kenako pm_runtime_set_autosuspend_delay(dev, 2000), pm_runtime_use_autosuspend(), pomaliza pm_runtime_enable(). Mukaiwala yoyambayo, kernel imayesa kuti sensa yagona pamene ikudya batire mwakachetechete. Mamilisekondi 2000, nthawi yodikira chipu chisanagone, ndi poyambira chabe: mukachepetsa kwambiri, chipu chizingoyaka n'kuzima pa kuwerenga kulikonse.

Pomwe pamavuta ndi pa chiwerengero cha ogwiritsa ntchito, chimene get imakweza ndipo put imatsitsa. Kernel siigoneka chipangizo mpaka chiwerengerocho chitafika pa 0. Ndisanakhudze register iliyonse ndimaitana pm_runtime_resume_and_get(), ndikamaliza pm_runtime_mark_last_busy() ndi pm_runtime_put_autosuspend(). Ya kale ija, pm_runtime_get_sync(), ndimaipewa: imakweza chiwerengero ngakhale kudzutsa kwalephera, ndiye mukabwerera osaitana pm_runtime_put_noidle(), sensa sidzagonanso. Yatsopanoyi, pm_runtime_resume_and_get(), inalowa mu Linux 5.10 ndipo ikalephera imatsitsa yokha. Komabe ndimatsata "return" iliyonse ya pakati pa get ndi put, chifukwa put imasowa kawirikawiri panjira ya error yomwe palibe amaiyesa.

Kudzutsa kumatenga nthawi ndipo kumadikiritsa, motero sindikuchitira mkati mwa spinlock (loko imene woigwira saloledwa kugona) kapena mu hard IRQ (gawo loyankha chipangizo nthawi yomweyo chikaitana purosesa). Ndimakusamutsira ku threaded IRQ, komwe kudikira n'kololedwa. Ndimasamalanso mutex, loko yogwira mmodzi pa nthawi: mukaigwira musanadzutse, runtime_resume n'kuifunanso, zonse zimaima njii.

Poyesa ndimalowa mu power/ ya chipangizocho pansi pa /sys/bus/i2c/devices/. Mu control mukhale "auto", osati "on". Patatha masekondi awiri runtime_status inene "suspended", ndipo runtime_suspended_time izikwera. runtime_status ikakakamira pa "active", ndimayatsa CONFIG_PM_ADVANCED_DEBUG n'kuwerenga runtime_usage. 1 pamenepo ndi put yosowa. runtime_status ikanena "error", ndiye kuti runtime_suspend inabweza china osati -EBUSY kapena -EAGAIN, kapena kudzutsa kunalephera, ndipo kernel siyesanso mpaka driver itaitana pm_runtime_set_active() kapena pm_runtime_set_suspended().

Mu remove, ntchito imene kernel imaitana pochotsa driver, ndimaitana pm_runtime_disable() ndi pm_runtime_dont_use_autosuspend(), n'kuzimitsa regulator ngati chipu chinali chikadali maso.