Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Amayi apita kuchigayo

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene mnyamata amene ndinakhala naye pachibwenzi zaka zitatu anandiuza, titakhala pakhonde la azakhali ake, kuti tisiyane. Usiku umenewo ndinamuimbira foni mpaka mayunitsi anatha, kutacha ndinakongola ena, koma sanayankhe ngakhale kamodzi. Patatha sabata anaika chithunzi pa WhatsApp ali ku mpira akuseka ndi anzake, ndipo ine ndinatsimikiza mumtima kuti sanandikondepo n'komwe.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse zimene zinkachitika pakati pathu. Dokotala wa maganizo wa ku Britain, John Bowlby, anafotokoza kuti khanda limaphunzira kwa wolilera ngati kulira kwake kumabweretsa munthu kapena ayi. Pofufuza nkhani yomweyi, mnzake Mary Ainsworth anayendera amayi ndi makanda m'midzi yozungulira Kampala ku Uganda mu 1954 ndi 1955, ndipo mu 1987 akatswiri a maganizo Cindy Hazan ndi Phillip Shaver anaonetsa kuti phunziro la paukhandali timalowa nalo m'chikondi tikakula. Amene analeredwa mtima uli m'malo amalira chibwenzi chikatha, koma amatsamira abale ndi anzawo mpaka bala litapola. Ena amakakamira, ena amadzitsekera, ndipo ife awiri tinali otero.

Ine wokakamirane, amayi anapita ku Joni ndili ndi zaka zisanu. Ananyamuka tambala woyamba asanalire, ine ndili m'tulo pamphasa, ndipo nditadzuka agogo anati, "Amako apita kuchigayo, abwera madzulo." Ndinakhala pachulu cha m'mbali mwa msewu masiku ambiri ndikuyang'ana mayi aliyense wosenza thumba la ufa. Agogo sindiwaimba mlandu, pakuti ankafuna kundipepuza, koma kuyambira pamenepo mtima wanga unagwira zoti munthu akachoka osamuthamangira, sabweranso. Amene ankaimba foni usiku uja anali mwana wa pachulu yemweyo.

Za mnyamatayo ndinazimva mochedwa. Azakhali ake, titakumana pamaliro ena, anandikokera pambali nati, "Mwanawe, mnzako uja anatha thupi, nsima ankangoigunda pang'ono n'kusamba m'manja." Anakulira pakhomo pamene mwana wamwamuna akagwetsa msozi ankauzidwa kuti mwamuna salira, choncho chikamupweteka ankathawira ku mpira ndi ku ntchito. Ine ndikamamuyandikira chifukwa cha mantha, iye ankabwerera m'mbuyo chifukwa cha mantha akenso, ndipo ndimakhulupirira kuti izi n'zimene zinatilekanitsa, osati kuchepa kwa chikondi.

Nditabwera kumaliroko ndinafufuta nambala yake, ngakhale ndinkaidziwa pamtima. Madzulo omwewo ndinaimbira amayi ku Joni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawafunsa chifukwa chimene sanandidzutsire m'mawa uja.