Masamani otseka anthu pakamwa

Dzulo pafupi ndi buliji la Bakili Muluzi ku Mangochi, mnzanga wolemba nkhani anandionetsa kalata ya maloya pafoni yake, dzanja likunjenjemera. Iye anangofunsa poyera kuti ndani akulipirira maulendo a anthu ena oyankhulira boma lakunja kwathu kuno. Maloyawo akuti waipitsa mbiri ya anthuwo, apepese kapena akakumane kukhoti.

Abale anga, zandiwawa. Milandu yotereyi safuna n'kupambana komwe, amangofuna utope. Ulipire loya, thiransipoti ya ku Zomba, mlandu n'kumangoimitsidwa mpaka ugulitse njinga, anzako onse n'kukhala chete. Mtolankhani wa ku Malta, Daphne Caruana Galizia, anaphedwa mu 2017 ali ndi milandu yotere yoposa 40.

Ku America lamulo la FARA la 1938 limakakamiza woyankhulira boma lakunja kulembetsa, anthu adziwe amene akumulipira. Kwathu kuno mu 2025 khoti linathetsa gawo 200 la malamulo a milandu yaupandu (Penal Code), lomwe linkamangitsa munthu chifukwa choipitsa mbiri ya wina, koma kusumirana kofuna chipukutamisozi kukadalipo, ndipo wosauka sangalimbe.

Aphungu athu a ku Mangochi, nkhaniyi ipite ku Nyumba ya Malamulo. Mnzangayo Lolemba ndimuperekeza kwa loya.