Sabata zitatu ndi hamala, fila osamukhudza

Ndikulowa ku koleji ya ntchito zamanja ndinkaganiza kuti upanobita, ntchito yowongola matupi a galimoto, ndi kumata fila basi, phala lija lotsekera madenti, kenako kupopera penti, galimoto nkuwala, mwini wake nkumapita akumwetulira. Ndiye tsiku loyamba mu wekishopu aphunzitsi athu anandipatsa chitseko chakale cha galimoto chopindika pakati, hamala, ndi kachitsulo kogwirira kuseri kaja timati dole, amvekere "fila usamuyandikire mpaka ine nditakuuza." Zinatenga sabata zitatu zathunthu.

Poyamba zinkandiwawa ndithu chifukwa anzanga ena amene anakulira m'magalaja ankandiuza kuti denti ngati imeneyo iwo akhoza kuitseka pa ola limodzi. Koma pa chitseko chimenecho ndi pomwe ndinamvetsa chitsulo. Chikagundidwa sichingolowa mkati ayi, chimatambasuka, ndipo m'mbali mwa dentiyo mumatukuka kamzere kolimba komwe kamagwira zonse kuti zisabwerere. Ukathamangira kumenya pakati ukungochitambasula kwambiri, mapeto ake chimayamba kuchita ngati chitini, ukakankha apa chikutulukira apo. Umayambira m'mbali, pomwe kupindikako kunafika pomaliza, dole kuseri, hamala pang'onopang'ono ngati ukugogoda pakhomo pa munthu wodwala, nkumalowera pakati. Ndipo maso amanama. Aphunzitsi ankatiuza kuti titsinzine, tiyendetse chikhatho chonse pachitsulopo, osati nsonga za zala, ndipo zoonadi timapiri ndi timaenje tomwe maso sakuona chikhatho chimatimva.

Fila si mdani, tinadzamuphunzira bwinobwino. Hadena wake, mankhwala omuumitsa aja, ndi pang'ono chabe, pafupifupi magawo 2 pa 100 aliwonse, ukachulukitsa amakuumira pa bolodi usanamalize kupaka. Ntchito yake ndi kusalaza tating'ono totsala, mamilimita awiri kapena atatu, osati kudzaza dzenje. Ukamumata wochindikala, makamaka pamwamba pa dzimbiri, pakapita miyezi amang'ambika, madzi nkulowa, penti nkuyamba kutupa. Tengani maginito muyendetse pa galimoto yomwe inachitapo ngozi, pomwe sakugwira bwino pachitsulo dziwani kuti pali fila wambiri. Kenako sandipepa, yokhakhala ya nambala 80 kuumba, nkupita ku zosalala za 180 ndi 320, osadumpha, chifukwa mikwingwirima ya 80 ukaisiya imadzaonekera penti itauma kale, nthawi yoti ulibenso chochita koma kuyambiranso.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi nkhani ya mapapo. Penti ya 2K, ija yosakaniza ndi hadena, ili ndi mankhwala otchedwa isocyanate omwe amayambitsa mphumu, ndipo kamasiki kapepala kaja ka fumbi sikathandiza chilichonse pamenepo. Ndinagwirapo ntchito ndi bambo wina waluso kwambiri pa kupopera, dzanja lake losanjenjemera ngakhale pang'ono, koma akakwera masitepe ochepa amaima kaye kupuma. Palibe anawauzapo ali mnyamata. Ife tinauzidwa sabata yoyamba, ndipo wopanda masiki yoyenera mu buthi, chipinda chopoperamo penti, sankalowa.

Anthu amakonda kunena kuti ntchitoyi umaphunzirira pa galaja osati m'kalasi, ndipo amisiri amene anaphunzira choncho ine ndimawalemekeza, ambiri manja awo amandiposa kutali. Koma galimoto zasintha abale. Kutsogolo kwa galimoto anakupanga dala kuti kuziphwanyika pa ngozi nkumwa mphamvu ija isanafike kwa anthu mkati, ndipo zitsulo zina za m'mapilala ogwira denga ndi zolimbitsidwa mwapadera moti ukaziwotcha ndi moto kuti ziwongoke msanga wazifooketsa, kunja zikuoneka bwino koma ngozi yachiwiri sizidzateteza munthu. Usanawotcherere umayenera kuchotsa batire chifukwa cha makompyuta ndi ma airbag, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi. Galimoto zina thupi lake ndi aluminiyamu, ngati Ford F-150 kuyambira ya 2015, ndipo aluminiyamu sabwerera ngati chitsulo wamba, amafunanso zida zakezake. Ma hybrid, magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi omwe, amene Toyota Prius inatsegulira njira mu 1997, ali ndi mawaya a olenji a magetsi amphamvu oti akhoza kupha munthu. Izi sungazidziwe pongoyang'ana wina akugwira.

Ku mbali ya umakaniko nakonso chimodzimodzi, tinkalumikiza kamashini kofufuzira mavuto a galimoto pa soketi ya OBD-II ya mapini 16 ija pansi pa chiwongolero, nkutuluka kodi ya vuto ngati P0301. Kodiyo imangokuuza kuti silinda yoyamba ikuphonya, sikuuza ngati ndi pulagi, koyilo kapena injekita, ndiye umasinthanitsa koyilo ndi ya silinda ina nkuona ngati vutolo lasamuka nayo, usanamugulitse munthu chinthu chomwe sichinawonongeke.

Chitseko changa chija aphunzitsi ankabwera madzulo aliwonse, kuyendetsa chikhatho, nkuzunguliza ndi choko paliponse pomwe sipanakhale bwino. Tsiku loyamba chinadzaza ndi mizere yoyera. Lachisanu la sabata yachitatu anayendetsa dzanja kawiri, choko chili m'thumba, nkundilozera shelefu yomwe panali chitini cha fila.